Nthaka Imene Inkasunga Sandaara

Suoder anali akunola chikwakwa pamene anaona mzimayi wovala majombo a mphira akudula dambo kulunjika kwa iye. Linali sabata lachiwiri la kumweta, dzuwa likuswa mtengo, udzudzu ukuluma ngati wachita kutumidwa. Kwathu kuno munthu sayenderedwa nthawi yomweta. Chilimwe n'chachifupi, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti udzu umene sunamwetedwe mu Julaye ndi ng'ombe yakufa mu Febuluwale. Ndiye ukaona munthu akubwera kudambo chimanjamanja, udziwe kuti kapena ali ndi uthenga woipa, kapena ndi wa kutauni.

Uyu anali zonse ziwiri. Dzina lake anali Tuyaara, wa ku Yakutsk, mzinda waukulu wa dera lathu lozizirali, mmodzi mwa anthu ophunzira aja oyenda ndi zingwe ndi mabotolo kuyeza nthaka. M'mudzi anali atamutcha kale Mayi Wathovu, chifukwa kukangocha ankapalasa kabwato pa nyanja yatsopano ya kuseri kwa chitunda n'kumatolera thovu m'mabotolo. Anapereka moni bwinobwino, anafunsa za udzu, anafunsa za ng'ombe, kenako anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola m'manja.

"Bambo, mundikhululukire, ndabwera ndi nkhani yowawa. Kumanda akale aja kuli kamanda kakang'ono kolembedwa kuti Sandaara. Anthu andiuza kuti ndi mwana wanu."

Mwala wonolera unagwera m'udzu. Zinali zitatha zaka makumi atatu ndi zinayi chimwalirire mwanayo, ndipo kunja kwa nyumba yake Suoder anali asanamvepo munthu akutchula dzinalo mokweza.

Tuyaara anafotokoza kuti nyanja ija ikudya chitunda cha manda. Iye anali atakhoma zikhomo m'mphepete mwa gombe kuti aziyeza, ndipo sabata iliyonse gombelo linkagumuka mita imodzi. Manda awiri anali atagwera kale m'madzi. Kuchoka pagombe kufika pa Sandaara panatsala mamita asanu, pamene chisanu choumitsa nthaka chinali kubwera patatha masabata khumi. Nkhaniyi anali ataitula kwa akuluakulu a m'dera, iwo n'kuyankha kuti akhala pansi anthu akamaliza kumweta.

"Ndiye inu mumapita kumanda kuja? Nokha?"

"Ndimadutsako tsiku lililonse, bambo. Ndiyo njira ya kunyanja."

Suoder anasunthira m'mbuyo pang'ono asanadziwe kuti watero. Manyazi anamugwira pambuyo pake, koma thupi linali litachita kale zimene linaphunzitsidwa.

Pajatu ife akufa sitiwayendera. Tikaika munthu timabwerera osacheuka, ndipo tisanalowe m'nyumba timadutsa pa utsi pachipata. Zaka zitatu zoyamba achibale amapita kukakonza kampanda ka pamanda. Zikatha zitatuzo, basi, njira imamera udzu. Womwalira ali ndi ulendo wake, ukamamuitanaitana amacheuka, ndipo akacheuka satenga mlendo, amatenga wake. Ine mwambowu sindiutsutsa, unatithandiza ambiri kuti tisafe ndi chisoni. Koma chifukwa cha mwambo womwewo, mudzi wa anthu mazana anayi unakhala zaka zonsezi osadziwa kuti makolo ake akutsetserekera m'madzi, mpaka tinachita kuuzidwa ndi munthu wa kutauni. Akuluakulu sananame, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

M'mawa mwake Suoder anauza mkazi wake, Balbaara, kuti akupita kukafuna kavalo wosochera, n'kutenga njira imene anali ataisiya kalekale. M'thumba anaikamo timikate titatu tokazinga toti akapepesere eni malo, mizimu ya kumandako. Asanafike kumanda anayenera kudutsa pamunda wake. Ankautcha wake ngakhale unali wa famu ya boma, chifukwa anaulambula ndi iye.

Mu 1982 pamalopo panali nkhalango yothithikana, pansi pake ndere zofika m'akakolo, moti ngakhale pakati pa chilimwe ukakanda ndi chala unkakhudza ayezi. Kenako kunabwera lamulo loti ng'ombe za famu zikufunika balere wambiri. Suoder, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wonyada ndi thirakitala yake yatsopano, anagwetsa nkhalangoyo m'chilimwe chimodzi, anazula zitsa, ndere zonse n'kutentha. Nkhalamba zinang'ung'udza kuti nthaka savula bulangete. Iye anaziseka, ndipo sanaseke yekha, tonse tinaseka. Anapatsidwa wotchi ndi chikalata chomuyamikira. Balere anabereka zaka zinayi. Chaka chachisanu munda unayamba kuchita mitumbira, pakati pa mitumbirayo panatitimira maenje, maenjewo anadzaza madzi, madziwo anapezana. Famu ya boma inatha, wotchi inafa, koma madzi aja anapitiriza kukula, ndipo lero ndi nyanja yoti kuizungulira pansi ndi theka la tsiku.

Fungo ndilo linamulandira asanaone kanthu, fungo la khola la ng'ombe likamatsegulidwa chisanu chitatha. Mitengo ya m'mphepete mwa manda inali itapendamira uku ndi uku ngati amuna ochokera ku ukwati. Gombe linali lalitali kuposa nyumba, lakuda, lonyezimira, ndipo m'kati mwake munkaoneka ayezi akuchucha thukuta. Kachidutswa ka dothi kankati kagwe apa, kena apo, phwa, phwa, osapuma. Pansi, madzi ankabwadamuka okha popanda nsomba. Suoder anaona ngodya ya thabwa itatulukira m'matope, ndipo sanafune kudziwa kuti ndi la ndani.

Kampanda ka Sandaara kanali katatsamira kunyanja. Utoto wabuluu umene anapaka iye mwini unali utasuluka. Anaika timikate tija pansi n'kuyeza ndi miyendo yake. Anaponda kasanu, ndipo pa kachisanu ndi chimodzi panalibe nthaka.

Tuyaara anamuona ali m'kabwato, anakocheza n'kukwera. Sanamulankhule ngati wa pa wailesi ayi, anamufotokozera ngati mnzake. Anati pansi pathupa pali udzu, mizu, ndowe ndi mafupa a zilombo zimene zinkadya msipu kuno anthu asanafike. Zonsezo chisanu chinazigwira zisanaole, n'kuzisunga zaka zikwizikwi. Tsopano zikusungunuka n'kuyamba kuola pakamodzi, ndipo mpweya wake ukukwera kukawonjezera pa utsi wa mafakitale ndi magalimoto umene ukutenthetsa dziko. Dziko likatentha, nthaka ina imasungunuka, nayo n'kutulutsa wake. Kuti amuonetse, anatsegula botolo limodzi la thovu lija n'kuyatsa machesi pakamwa pake. Panatuluka lawi labuluu. Suoder anali atawoloka nyanja zambiri m'moyo wake, koma madzi oyaka anali asanawaonepo.

"Nkhalango inali apayi ndinagwetsa ndine," anatero. "Ndiye kuti zonsezi ndi ine?"

"Inu munatsegula chitseko, bambo. Koma kutentha kukanabwerabe. Kuli malo amene thirakitala sinafikeko, nakonso kukugumuka. Kungoti kuno kunafulumira."

Bwenzi atangomunamiza, mbali ina iliyonse, zikanakhala bwino. Suoder anafunsa za mwana, ngati akadali momwe anamuikira. Tuyaara anati sangalumbire. Chitsulo chake choyezera chinkagundabe ayezi cha kumutu kwa manda, ndiye mwina chisanu chikadamugwira. Koma akamutulutsa m'dzuwa ili, anatero, sadzakhalitsa.

Apa ndiye panagona nkhani yonse. Sandaara anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka zisanu, pakati pa chisanu, ndege ya achipatala italephera kutera. Wina sanabadwenso m'nyumbamo. Chimene chinaimika Balbaara pa miyendo yake zaka zonsezi chinali chinthu chimodzi chimene mayi aliyense kuno amadziwa: nthaka yathu sidya anthu, imasunga. Amayi a kumaiko otentha amaika mwana n'kutsala ndi mafupa, iye wake anali wathunthu, tsitsi lake lolukidwa bwino, masaya ake omwe aja. Sankapitako, mwambo ankausunga kuposa aliyense, koma ankadziwa kuti aliko. Mpaka lero Balbaara ankaitana mwamuna wake kuti bambo a Sandaara, ngati mwanayo wangopita kosewera.

Ndiye Suoder akanayamba bwanji kumuuza? Anakhala masiku atatu akudya ngati wodwala, akumweta mizere yokhotakhota. Tsiku lachinayi anapita kwa Kirgiele, mnzake wa paubwana, amene anali mmodzi mwa amuna anayi amene anakumba manda a Sandaara.

"Mdala iwe, nkhope imeneyo bwanji? Balbaara wayamba kukumana chakudya? Ndinakuuza kale kuti mkazi wokongola uja sadzakupirira mpaka kalekale."

Suoder sanabweze chipongwecho monga mwa masiku onse, ndipo Kirgiele anadziwa kuti zavuta. Anamvetsera nkhani yonse ndudu ikupsera yokha m'zala. Atamaliza anatukwana nyanja, anatukwana dzuwa, anatukwananso amene anapanga thirakitala, kenako anati palibe chovuta, akumbe manda ena kumanda atsopano a kummawa kwa mudzi, amusamutse mwanayo mwakachetechete, akazi asadziwe n'komwe. Za mizimu anati aziona pambuyo, iye ndi nkhalamba kale, mzimu ungamutenge ukamutani.

Anapita masana omwewo ndi mafosholo. Kirgiele ankakumba akulongolola. Anakumbutsa mnzake momwe anavutikira ndi manda oyamba aja: masiku atatu akusonkha moto panthaka youma ngati mwala, kupala dothi lofika chikhatho chimodzi, kusonkhanso, kupalanso, nkhuni ngolo zitatu, ndevu zake zonse zinawauka. Lero taonani, akukumba ngati akufukula mbatata. Anafika m'mawondo, anafika m'chiuno, anafika m'chifuwa. Pamenepo madzi anayamba kusefukira pansi pa majombo awo. Suoder anatenga mgwala n'kuuzika pakati pa dzenjelo kufuna kumva pamene ayezi ali. Mgwala unangolowa, wonse, mpaka dzanja lake linakhudza matope.

Anayesa pena, anayesanso pena, mpaka malo asanu ndi awiri. Kirgiele anali atasiya nthabwala.

"Amwene," anatero potsiriza, "khoswe wakhala pa mkhate. Tikamusiya, nyanja imutenga. Tikamuika muno, ndiye tamuika m'madzi ndi manja athu. Kauze mayi wake. Izi si za amuna awiri."

Suoder anamupeza Balbaara akutsuka ndowa za mkaka kuseri kwa khola. Sanatembenuke.

"Bambo a Sandaara, masiku anayi mukufuna kavalo amene ndikumuona uyo akudya kumpanda. Nenani."

Ananena. Ananena za Mayi Wathovu, za mamita asanu amene tsopano anali anayi ndi theka, za masabata khumi, za mgwala. Balbaara anamva zonse ndowa ili m'manja. Sanalire. Anangofunsa ngati ayezi akadamugwira mwanayo, ndipo atamva kuti mwina, anaika ndowayo pansi mosamala.

"Mubwere naye kuno. Timuika mu buluus mpaka chisanu chibwere."

Buluus ndiyo nkhokwe yathu ya pansi pa nthaka, momwe timasunga nyama, nsomba ndi zidutswa za ayezi wa madzi akumwa zimene timadula panyanja mu Novembala. Ya Suoder anakumba ndi bambo ake, yakuya makwerero awiri, zitseko zitatu, ndipo ngakhale nkhokwe za anthu ena m'mudzi zinali zitayamba kudzaza madzi, iyi makoma ake anali akadali mwala. Koma inali pabwalo, pakati pa nyumba ndi khola. Suoder anakana. Kukumba manda ndi mlandu kale, koma kubweza wakufa pakhomo pamene anatulukira, zimenezo ngakhale oledzera sazitchula. Anamukumbutsa mkazi wake kuti anadutsa pa utsi tsiku lija kuti mwana asawatsatire, kuti anthu adzasiya kumwa tiyi m'nyumba mwawo, kuti wakufa akacheuka amatenga wake.

"Atenge ine," anatero Balbaara. "Ndinakonzeka kalekale."

"Si nkhani ya inu nokha iyi, amayi. Mwambo..."

"Munthu amene anavula nthaka bulangete asandiphunzitse mwambo lero."

Zaka makumi anayi ali pa banja Balbaara anali asanamuuzepo mawu amenewa, ngakhale pa mkangano wa mtundu wanji. Suoder anazindikira kuti anali nawo nthawi yonseyi, ankangowasunga. Zinamupweteka kwambiri.

Kirgiele atamva maganizo a Balbaara anagwira pakamwa. Anati kukumba akumba, poti anamuika ndi iye, koma chipata cha Suoder sadzalowa, ndipo mkazi wake akadzamva, iye adzagona m'khola mpaka chaka chamawa. Tsiku lonse lotsatira Balbaara anatulutsa chakudya m'nkhokwe yekha, kukwera ndi kutsika makwerero ndi miyendo yake yotupa ija: nthiti za kavalo, matumba a nsomba, batala, zonse. Anazigawa kwa anansi osafotokoza. Anthu analandira akuyang'anizana, chifukwa munthu wogawa nyama mu Julaye kapena wapenga, kapena akufuna kufa. Ayezi yekha ndiye anamusiya, n'kumusanja m'mbali kuti pakati pakhale malo.

Amuna awiriwo ananyamuka m'mamawa mame asanaume, ndi ngolo ya kavalo yodzaza udzu wauwisi, pansi pa udzuwo ataikapo zidutswa zinayi za ayezi. Kavalo anakana kudutsa pa mitengo yopendama ija, anachita kumumanga patali. Suoder anasonkha kamoto, anakadyetsa batala, n'kupempha eni malo kuti amukhululukire, wabwera kudzatenga wake yekha, ena sawakhudza. Mawu ankatuluka ngati a munthu wina.

Dothi linali lofewa mochititsa mantha. Dzenje litafika m'chiuno, chidutswa cha gombe chachikulu ngati ng'ombe chinagumuka kumbuyo kwawo n'kugwera m'madzi. Nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi awo, mng'alu wopyapyala n'kutseguka kuchokera kugombe kufika pa kampanda. Kirgiele anaponya fosholo n'kutuluka m'dzenjemo chokwawa. Anaima patali akupuma wefuwefu, milomo itayera. Suoder sanamuitane, sanamunyozenso. Iye mwini anadziwa kuti akatuluka sabwereramonso, ndiye anangopitiriza. Patapita kanthawi anamva mnzake akutsikanso, akutukwana chapansipansi.

Fosholo inagunda thabwa. Bokosilo linali laling'ono kuposa momwe Suoder ankalikumbukira. Cha kumiyendo, mbali ya kunyanja, linali kale m'matope a madzi. Cha kumutu ayezi anali atalikumbatira, woyera, wolimba. Anamusema ndi nkhwangwa pang'onopang'ono ngati akusema supuni, dzuwa likukwera, thukuta likugwera pa matabwa. Atalowetsa mgwala pansi kuti alitukule, msomali wa dzimbiri unaduka, thabwa limodzi la pamwamba n'kusuntha mpata wa zala zitatu.

Kirgiele anatembenukira kumbali msanga. Suoder anachedwa.

Anaona tsaya limodzi, diso lotseka, ndi kachipsera ka pachipumi kamene mwanayo anadzipweteka atagwa pa sileji, kangolo kotsetsereka pa ayezi. Khungu linali lotuwa ngati kandulo, koma anali iye, Sandaara, wa zaka zisanu, osati wokulirapo ngakhale tsiku limodzi. Pa nsidze zake panali timbewu ta chisanu. Dzuwa linalowa pa mpatawo, ndipo Suoder ali chiyang'anire, timbewu tija tinayamba kusanduka madzi.

"Udzu! Kirgiele, udzu, msanga!"

Anabwezera thabwa, anavula malaya n'kufunditsa, anakuta bokosi lonse ndi udzu wauwisi. Momwe analitulutsira m'dzenjemo ndi momwe anathamangira nalo mpaka pangolo, nkhalamba ziwiri za mawondo ovuta, palibe mwa iwo amene amakumbukira. Analiika pakati pa zidutswa za ayezi, anaunjika udzu wotsala pamwamba, n'kunyamuka. Aka kanali koyamba m'moyo wake kuchoka kumanda Suoder akucheuka, ndipo ankacheuka pafupipafupi, kuona ngati madzi amene akudontha pansi pa ngolo ndi a zidutswa za ayezi zija kapena a m'bokosi.

Mudzi ulibe chinsinsi. Nyama yogawidwa ija inali itayankhula kale. Pamene ngolo inkadutsa m'dambo, zikwakwa zinaima chimodzichimodzi, amuna anavula zipewa koma anayang'ana kwina. M'mudzi amayi ankakokera ana m'nyumba, ndipo pa zipata zitatu Suoder anaona utsi utasonkhedwa kale. Palibe anawaimitsa, palibenso anawapatsa moni. Pachipata cha Suoder, Kirgiele anatsika monga ananenera. Anagwira mnzake paphewa, anafuna kunena kanthu koseketsa, sikanabwere, ndipo anapita kwawo akutsimphina.

Choncho anatsitsa awiri, bambo ndi mayi, ndi zingwe zomangira udzu. Suoder anali pansi kulandira, Balbaara pamwamba akumasula chingwe pang'onopang'ono, atachikulunga pa mtengo wa chitseko. Chitseko chilichonse ankachitseka msanga akangodutsa kuti kutentha kusawatsatire. Pansi penipeni kunali kuzizira kwa bwino, kuzizira kwa kale, koluma m'mphuno. Nyali inawala pa makoma ndi padenga pamene chisanu chinamera ngati ubweya woyera. Analiika bokosilo pa matabwa awiri pakati pa ayezi, mutu kuloza kumadzulo monga linalili, ndipo Suoder anakhomanso thabwa lija ndi msomali watsopano, akumenya mofatsa ngati akuopa kudzutsa munthu.

Balbaara anachotsa udzu wotsalira pa chivundikiro, kamodzikamodzi, n'kupukuta matope ndi mpango wake.

"Mwamuona?"

"Ndamuona."

"Ali bwanji?"

"Momwe tinamusiyira. Ngakhale kachipsera kaja kalipo."

Apo ndiye analira, koma mosatulutsa mawu, chipumi atachitsamiritsa pa thabwa. Suoder anamusiya alire. Kenako anafunsa ngati akufuna kuti azule msomaliwo amuone yekha, kamodzi kokha, poti muno n'mozizira. Balbaara anapukusa mutu. Anayang'ana manja ake okwinyika, mitsempha ili panja.

"Ayi. Iye anasiya mayi wa tsitsi lakuda. Angadzidzimuke, aziti nkhalamba iyi ndi ya kuti."

Anakhala pansi pa chidutswa cha ayezi, Suoder naye anakhala. Anawerengera limodzi masabata otsala, asanu ndi anayi, mwina asanu ndi atatu chisanu chikafulumira. Balbaara anati pamwamba pa nkhokwe aunjikepo mulu wonse wa udzu umene amweta, ng'ombe zidzaona zochita, ndipo zitseko zisatsegulidwenso mpaka nthaka itauma. Chisanu chikadzafika adzamufunira malo m'kati mwa nkhalango yeniyeni, kumene kukadali ndere, adzakumbe ndi moto monga kale. Suoder anavomera zonse. Kwa nthawi yoyamba m'sabata imeneyo chifuwa chake chinamasuka, ndipo anaganiza kuti mwina, mwina wafika pa nthawi yake.

Anatambasula dzanja kuti atenge nyali azikwera. Pamenepo, m'chete wa pansi pa nthaka uja, dontho limodzi linagwa kuchokera kudenga n'kumenya pa chivundikiro cha bokosi. Tho.

Onse awiri analimva. Palibe amene anayang'ana m'mwamba. Balbaara anavula juzi yake n'kuiyala pa bokosilo, ndipo awiriwo anakhala akudikira lachiwiri.